Mafunso ndi mayankho: pensulo, makala, penti ndi zina zomwe ojambula ongoyamba kumene amandifunsa

Ndisanayambe tigwirizane kaye, mawu oti kujambula pa Chichewa amasenza katundu wambiri. Wa kamera akujambula, woimba ali mu studio akujambula, ngakhale ukathyoka mwendo kuchipatala amati tikakujambuleni. Ine pano ndikunena kujambula pamanja, kwa pensulo, makala, bolopeni ndi penti. Ndinayambira pa zikwangwani za ma barbershop ndi ma saluni ku Ndirande, zija za mitu yometedwa masitayilo osiyanasiyana zija, kenako ndinalowa nkhope za anthu pa pepala, pano ndimapentanso pa nsalu. Mafunso omwe ndimalandira ndi omwewomwewo chaka ndi chaka nde ndangoti ndiwaunjike pamodzi.

Ndikufuna kuyamba, ndigule chani?

Mapensulo atatu basi, HB, 2B ndi 6B. Labala yoyera yofewa, lezala, ndi mapepala ambirimbiri otchipa. Mabokosi akuluakulu omwe mumaona pa TikTok aja asakupweteketseni mutu, theka la mapensulo ammenemo eni akewo saligwira nkomwe.

Mkati mwa pensulo mulibe mtovu ngati mmene ena amanenera, muli graphite wosakaniza ndi dongo. Dongo likachuluka pensulo imalimba ndipo imalemba motuwa, amenewo ndi ma H. Graphite akachuluka imafewa nkumalemba zakuda bii, amenewo ndi ma B, ndipo nambala ikamakwera khalidwe lija likuonjezekera, 6B ndi yofewa kuposa 2B. Ma H asiyireni a technical drawing, kwa ife amangokumba ngalande pa pepala zomwe ngakhale mufufute bwanji zimadzatulukira mukamapaka shading pamwamba.

Posongola gwiritsani lezala. 6B mu shapena imangothyokera mkati, pensulo yonse kutha musanajambule kanthu. Sendani thabwa kuti graphite atuluke wautali pang'ono kenako nolani nsonga pa ka sandipepa.

Bond paper ya A4 yosindikizira ija ndi 80 gsm, yopyapyala koma pophunzira ndi bho. Nambala ya gsm ikamakula ndiye kuti pepalalo ndi lokhuthala. Mukafika poti mukufuna kupatsa munthu kapena kugulitsa funsani cartridge paper m'mashopu a stationery mtauni kapena ku Limbe, ili ndi timano togwira graphite.

Kodi luso si lobadwa nalo? Ine ngakhale kapu imandikanika

Alipo ena dzanja lawo limamva msanga, sindikukana. Koma ambiri amene amati sinditha anasiya kujambula ali sitandade 4 tsiku lomwe anzawo anawaseka, dzanja linaima pomwepo mpaka lero. Ndipo vuto lenileni silikhala dzanja, amakhala maso, timajambula zomwe tikudziwa mmalo mwa zomwe tikuona. Mukudziwa kuti kukamwa kwa kapu ndi kozungulira nde mumalemba chozungulira ngati mpira, chonsecho pomwe mwakhalapo kukuoneka kophwatalala ngati dzira logona. Ikani kapuyo patebulo, mphindi 20 tsiku lililonse kwa mwezi umodzi, lembani deti pa pepala lililonse ndipo musataye ngakhale limodzi. Pakutha pa mwezi yalani onse pansi.

Ndajambula mayi anga koma akuoneka ngati munthu wina, ndikulakwitsa pati?

Ili nde funso la aliyense. Kawirikawiri maso mwawakweza kwambiri. Maso amakhala pakati penipeni pa mutu mukayeza kuchokera pa liwombo kufika pa chibwano, koma ife chipumi ndi tsitsi sitiziwerengera nde timazipanikiza mmwamba. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi, ndipo nkhope yoyang'ana kutsogolo mulifupi mwake mumakwana maso pafupifupi asanu. Makutu amayambira pa mzere wa nsidze kutsikira pa mzere wa kunsi kwa mphuno. Uwu ndi muyezo woyambira chabe, palibe anaumbidwa ndi lula, ndipo kufanana kumabisala pomwe munthuyo wasiyana ndi muyezowu, mwina mphuno yotakata pang'ono, mlomo wammwamba wokhuthala, diso lina lotsika kuposa linzake.

Yambani ndi mutu wonse mopepuka ndi HB. Musayambe ndi diso limodzi nkulikongoletsa mpaka zikope, chifukwa mukadzazindikira kuti lili pamalo olakwika mtima sulola kulifufuta nde mumayamba kukhotetsa nkhope yonse kuti igwirizane ndi diso lija. Ine mapepala omwe ndinataya chifukwa cha zimenezi atha kudzadza dengu.

Mukasokonezeka zondotsani zonse ziwiri, chithunzi chomwe mukuonera ndi pepala lanu, zikhale chadodolido. Ubongo umasiya kunena kuti ichi ndi diso, ichi ndi mphuno, umangoona mizere ndi mipata. Kapena onetsani pepala pa galasi loyang'anira, kupendekeka konse kumaonekera pompo. Za grid, tima bokosi tija timalemba pa chithunzi ndi pa pepala, ena amati ndi kubera, ine ndimati ndi ndodo yoyendera, igwiritseni koma tsiku lina muyesenso kuyenda opanda.

Mano musalembe mzere wakuda pakati pa dzino lililonse, munthu amaoneka ngati waluma chimanga. Choyera cha diso si choyera ngati pepala, chili mu mthunzi wa chikope. Tsitsi, kaya ndi mesh kaya ma dread kaya lachilengedwe, yambani ndi chigulu chonse, pakuda ndi powala, tizingwe tochepa pamapeto.

Komanso nthawi zina vuto si inu. Selfie yojambulidwa pafupi imakulitsa mphuno, filter imafufuta mithunzi yonse yomwe inu mumadalira, ndipo chithunzi chodutsa pa WhatsApp kanayi chimafika chitatha mphamvu. Uzani munthu akutumizireni ngati document, ndipo zikhale ziwiri kapena zitatu.

Zojambula zanga zimaoneka zafulati, sizituluka pa pepala

Mukuopa mdima. Ongoyamba pafupifupi onse amasewera pakati, osafika pakuda penipeni, zonse zimangokhala zotuwa mofanana. Tsinzinani pang'ono osatsekeratu maso muyang'ane chinthucho, tinthu ting'onoting'ono timasowa mumatsala ndi zigawo za kuwala ndi za mdima, zimenezo nde zomwe mukuyenera kujambula.

Tengani dzira muike patebulo pafupi ndi windo. Muona powala kwambiri, kenako pakatikati, kenako mthunzi wa pa dzira lenilenilo, kunsi kwake kakuwala kochepa kobwerera kuchokera patebulo, ndiye mthunzi wogwa patebulo womwe umada kwambiri pomwe dzira lakhudza. Kakuwala kobwerera kaja ndi kamene kamapusitsa anthu, akakaona amakawalitsa ndi labala mpaka kufanana ndi mbali yowala, dzira nkusanduka mbale. Kamakhalabe mu banja la mthunzi. Mutu wa munthu ndi dzira lomweli, tsaya ndi dzira, nsonga ya mphuno ndi kadzira kakang'ono.

Foni ikuthandizeni apa, jambulani pepala lanu ndi chomwe mukuonera, zonse muziike pa black and white mufananize. Zimawawa koma sizinama.

Posalaza musagwiritse chala, chili ndi mafuta ndipo pomwe chakhudza pamathimbirira, labala sachotsa. Tissue, cotton bud, kapena pindani kapepala mothina ngati mukupichira chingambwe, kamasalaza bwino mmakona a maso. Ikaninso pepala lina pansi pa dzanja. Ndipo musatsindike 6B mwamphamvu kuti ide msanga, imayamba kunyezimira ngati poto, pitanipo kangapo mopepuka. Pofunika pakuda zenizeni gwiritsani charcoal pencil koma muyambe ndi iyoyo, pamwamba pa graphite imaterera.

Makala a pa mbaula angagwire ntchito?

Amatheka pa khoma, pa katoni kapena pa pepala la khaki, koma ambiri ndi olimba, amakanda ndipo pena amalemba pena ayi. Ogula mu shopu aja amawotcha kuchokera ku timitengo ta willow kapena ta mpesa, ndipo inunso mutha kupanga anu. Dulani timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, sendani makungwa, tiumeko, tiikeni mu chitini cha chivindikiro chothina, boolani kabowo kamodzi ndi msomali pa chivindikirocho nkuika pa mbaula ya moto wambiri. Utsi uzituluka pa kabowo, pena umayaka ndithu ngati kandulo, musadabwe. Ukasiya chotsani chitini ndipo musatsegule mpaka chizizire, mukafulumira makala aja akumana ndi mpweya nkuyaka, mupeza phulusa lokha. Yesani mitengo yosiyanasiyana, ine timitengo ta mabulosi nde timandisangalatsa.

Makala amafuna pepala lokhakhala ndipo amayoyoka, nde mukamaliza pamafunika fixative, mankhwala opopera omwe amamata makalawo pa pepala. Ikasowa ambiri timapopera hairspray, patali ngati masentimita 30, mopepuka kawiri, panja. Dziwani kuti pakapita zaka imasandutsa pepala chikasu, ya pophunzira ndi yabwino koma chithunzi choti munthu walipira ndalama zambiri ndi bwino fixative yeniyeni.

Nanga bolopeni?

Bic wamba yemweyu amachita zodabwitsa. Mukagwira mopepuka amalemba motuwa, mukatsindika amada, ndipo mthunzi mumamanga ndi timizere todutsana. Khalani ndi tissue pambali muzipukuta nsonga pafupipafupi, apo ayi imasanza dontho la inki pa tsaya la munthu mutatsala pang'ono kumaliza. Siifufutika, nchifukwa chake imaphunzitsa kuyang'ana kawiri musanalembe. Inki yake imasuluka ndi dzuwa nde musapachike moyang'anizana ndi windo.

Watercolour, poster, acrylic, oil, zikusiyana pati? Ndiyambe ndi iti?

Utoto wake ndi umodzimodzi, chosiyana ndi chomatira. Mu watercolour muli gum arabic, utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe, nchifukwa chake ngakhale itauma mukaithira madzi imadzukanso. Poster colour ya kusukulu ija ndi mbale wake koma imaphimba, siionetsa za pansi. Acrylic chomatira chake ndi pulasitiki yamadzimadzi, mumasungunula ndi madzi koma ikauma yauma basi. Oil muli mafuta a linseed ndipo iwo sauma ngati zovala pa chingwe, amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya, nde zimatenga masiku.

Ine ndimati yambani ndi acrylic. Mukalakwitsa mumadikira mphindi zochepa nkupaka pamwamba, siinunkha, imagwira pa nsalu, pa katoni, pa thabwa. Watercolour imaoneka ngati ya ana chifukwa ndi yomwe timagulira ana, koma ndi yovuta kuposa zonse.

Watercolour ikupinda pepala langa ndipo mitundu ikusanduka matope

Pepala ndi lomwe lalakwa. Bond paper siingapirire madzi, pamafunika pepala la watercolour, la 300 gsm nde silivuta. Ngati muli ndi ndalama zochepa gulani penti yotchipa koma pepala labwino, osati mosemphanitsa. Limateni mbali zonse zinayi pa thabwa ndi masking tape ndipo musamatule mpaka liume gwa.

Za matope, yambani ndi mitundu yowala kupita ku yakuda, ndipo poyera pasiyeni osapaka, choyera chanu ndi pepalalo. Khalani ndi mabotolo awiri a madzi, lina lotsukira bulashi lina loyera losungunulira. Musasakanize mitundu yopitirira itatu. Ndipo chachikulu, malo akayamba kuuma musabwererepo ndi bulashi yonyowa kuti mukonze, madzi atsopano amakankha utoto nkusiya chibanga ngati mkodzo wa mwana pa matiresi. Dikirani paume kenako pakani. Imauma mowala kuposa mmene imaonekera ili yonyowa nde musaope kuikuza pang'ono.

Nthawi ya chiperoni, June ndi July, pepala limachedwa kuuma, ambiri amadandaula koma ndi nyengo yabwino yophunzirira mitambo chifukwa mitundu imakhala ndi nthawi yolowerana.

Acrylic ikuuma ndisanamalize kusakaniza

Mu October nde usanene, imauma pa bulashi pomwe. Tengani kontena ya pulasitiki ya chivindikiro, ya lunch box ija, yalani tissue yonyowa pansi, pamwamba pake baking paper, muzisakanizira pamenepo. Chinyezi chimakwera pang'onopang'ono, mukatseka madzulo mawa mupeza penti ikadali yamoyo. Kabotolo kopopera madzi kakhalenso pafupi. Finyani pang'onopang'ono, ndipo pentani mmamawa kusanatenthe.

Iyi imachita zosemphana ndi watercolour, ikauma imaderako. Musaithire madzi ambiri ngati phala la mwana, chomatira chimafooka nde imadzayoyoka. Yambani ndi kumbuyo, thambo kapena khoma, munthu kapena mtengo ubwere pamwamba, kusiyana ndi kumazungulira tsitsi ndi kabulashi pamapeto.

Ma tube ndi odula. Penti ya nyumba ya ku hadiweya singagwire?

Imagwira, ambirife tinakulira pamenepo. PVA yoyera ndi tima tinter tofiira, ta yelo, ta buluu ndi takuda, mwapeza mitundu yambiri pa mtengo wa ma tube ochepa. Kuipa kwake mitundu siiwala ngati ya mu tube, ndipo mukapaka mokhuthala nkupinda nsalu imachita ming'alu. Kuthirako guluu wa matabwa pang'ono kumathandiza. Nzeru ina, malo akuluakulu pakani PVA, nkhope ndi pomalizira gwiritsani acrylic ya mu tube.

Gloss ndi ya zikwangwani za malata ndi zitseko, imapirira mvula, imafuna thinner ndipo pentani panja, mutu umapweteka. Lamulo limodzi loti musaiwale, penti ya madzi pamwamba pa ya mafuta imamatuka ngati khungu la njoka. Ya mafuta pamwamba pa ya madzi youma palibe vuto.

Ndipo pali penti yaulere yomwe timaiponda daily. Yellow ochre, raw sienna, burnt umber, mayina amveka achizungu koma chiyambi chake ndi dothi, sienna dzina lake linachokera ku mzinda wa Siena ku Italy, ndipo burnt sienna ndi dothi lomwelo atalikazinga, chimodzimodzi njerwa zimalowa mu uvuni zotuwa nkutuluka zofiira. Tapani katondo, kapena dothi la chikasu la mmbali mwa msewu pomwe agumula, sinjani, sefani, viikani mu botolo la madzi nkukhutchumula. Mchenga umatsika msanga, madzi amtundu apamwamba aja tsanulirani mu botolo lina akhazikike usiku wonse, phala losalala lotsala pansi sakanizani ndi guluu wa matabwa. Mwaye wa pa poto umapereka wakuda. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pa miyala omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za dongo za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau, ndipo zikuonekabe popanda amene anagula tube.

Khungu lathu ndimalisakaniza bwanji? Langa limatuluka ngati munthu sanadzole

Kkkk ndikudziwa chomwe mwachita, mwatenga bulauni, powala mwathira white, pa mthunzi mwathira black. White ndi black zikakumana mu bulauni zimabala phulusa, nde munthu amaoneka wotuwa ngati mu July wopanda Vaseline. Ma video ambiri a pa YouTube amaphunzitsa khungu la azungu, ndipo tube yolembedwa flesh tint ija ndi pinki, kwa ife ilibe ntchito.

Ine ndimadalira burnt umber, burnt sienna, yellow ochre, ultramarine blue, kofiira pang'ono ndi titanium white. Pakatikati pa khungu ndi burnt sienna ndi burnt umber, kuchulukitsa iyi kapena iyo malinga ndi munthu. Powalitsa yambani ndi yellow ochre kapena ka olenji, white abwere mochedwa ndipo pang'ono. Pa mthunzi thirani ultramarine mu burnt umber, ziwirizi zikakumana zimapereka wakuda wamoyo woposa wa mu tube, mutha kumupendeketsa ku bulauni kapena ku buluu mmene mwafunira.

Khungu lakuda limachita ngati galasi, limatenga mitundu ya zomwe zalizungulira. Munthu akaima panja pa chipumi, pamwamba pa masaya ndi pa mphuno pamagwa thambo, nde kuwala kwake kumapita ku buluu kapena pepo, osati yelo. Akavala chitenje chofiira pansi pa chibwano pamafiira, akakhala pa kapinga khosi limatenga gilini. Ndipo pomwe kuwala kukuthera, mthunzi ukuyamba, pamakhala kamzere kotentha kofiirira, mukakaika nkhope imakhala ndi magazi. Khalani pa minibasi muyang'ane khosi ndi khutu la amene ali kutsogolo kwanu dzuwa likamalowa pa windo, muwerenge mitundu, koma osachita kudzutsa mlandu.

Musanakhudze nsalu sakanizani milu isanu kuchokera wakuda kufika wowala. Kusakaniza kamodzikamodzi ndi komwe kumapangitsa tsaya lina kukhala la munthu wina.

Canvas ndingapange ndekha?

Eya, ndipo yogula ndinasiya kalekale. Gulani kaliko wokhuthala m'mashopu a nsalu ku Limbe, mchapeni kaye kuti sitachi ichoke ndipo afupikiretu. Kalipentala akukhomereni felemu ya matabwa ouma, muwauze apale mbali ya mkati kuti itsike pang'ono, nsalu izikhudza mmphepete mokha, apo ayi mzere wa thabwa umadzaonekera pa chithunzi. Yezani kuchokera kona kufika kona mbali zonse ziwiri, zikasiyana felemu ndi yopotoka, ibwezeni.

Pokunga yambani pakati pa mbali imodzi, stepula kapena kamsomali, kokani pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, kenako mbali ziwiri zotsalazo, muzipita kumakona mosinthanasinthana, makona pamapeto. Ikakungika bwino imalira ngati ng'oma mukaigogoda. Pakani gesso, penti yoyera yoyambira yotseka timabowo ta nsalu, ikasowa PVA yoyera yothira guluu wa matabwa, kawiri kapena katatu, ulendo wina chopingasa wina chotsika, kupala ndi sandipepa yosalala pakati. Iyang'anitseni ku dzuwa, mukaona timabowo ta kuwala onjezerani. Ikadzakhwefuka poperani madzi kumbuyo muisiye iume.

Hardboard nayo ndi yabwino, palani ndi kupaka mbali zonse ziwiri kuti isapindike. Musaidelere, Mona Lisa yemwe uja ali pa thabwa osati pa nsalu.

Oil ndimaiopa, ndi yovuta choncho?

Si yovuta, imangofuna kudekha ndi malo. Kukoma kwake mutha kusalaza tsaya lero, mawa nkupitiriza ikadali yofewa. Yambani mopyapyala ndi turpentine pang'ono, mukamakwera muziwonjezera linseed, zamafuta ambiri zikhale pamwamba. Mukasemphanitsa, pamwamba pamauma pansi pakadali pofewa nde ming'alu. Nsalu ikhale yopakidwa bwino chifukwa mafuta akalowa mu thonje amaliwoletsa pakapita nthawi. Vanishi dikirani miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa.

Mafuta ophikira ayi chonde, wina anayesapo chithunzi chinakhala chonata mpaka ntchentche kumatirira. Palafini ndi wotsukira bulashi basi. Sanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, ziyanikeni chotambasula panja kapena ziviikeni mmadzi. Ngati mumagona chipinda chomwe mumapentera, makamaka ndi ana, khalani kaye pa acrylic.

Mabulashi anga sachedwa kutha

Atatu akukwanirani, yafulati yaikulu, yafulati yapakati, ndi yosongoka yaing'ono. Chomwe chimapha bulashi ndi kuiimika mmadzi chogonera tsitsi, ndi penti youmira kutsinde kwa tsitsi. Tsukani ndi sopo wa mtanda pa chikhatho mpaka thovu liyere, konzani nsonga ndi zala, igonekeni. Yotha kale musataye, imajambula udzu ndi masamba kuposa yatsopano.

Ndikajambula phiri limaoneka ngati lili pakhomo pomwe

Mwalipatsa gilini ndi mizere yofanana ndi mtengo wa pafupi. Chinthu chikamatalikira chimatuwa, chimapita ku buluu, ndipo tinthu take timasowa chifukwa pakati pa inu ndi icho pali mpweya, fumbi ndi utsi. Ife a Blantyre tili ndi mwayi, Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe atizungulira, imani pomwe mukuona awiri nthawi imodzi mufananize wapafupi ndi wakutali. Mu September ndi October utsi wa moto wa tchire umawabisa mpaka kutsala chithunzithunzi chabe, mvula yoyamba ikangogwa amabwera pafupi ngati mutha kuwagwira. Phiri limodzi, zithunzi ziwiri zosiyana.

Gilini wa mu tube yekha amaoneka ngati wa pulasitiki, sakanizani wanu ndi yelo ndi buluu nkumuziziritsa ndi kadontho ka burnt sienna. Jacaranda akachita maluwa miyezi yomweyi, ultramarine, kofiira kopita ku pinki ndi white, dinani ndi bulashi yakutha kapena ka siponji ndipo musaiwale maluwa ogwa pansi.

Za nyumba, pezani kaye mzere wa pomwe pali maso anu. Mizere ya denga yomwe ili pamwamba pa mzerewu imatsika ikamapita kutali, ya pansi imakwera. Kaphunzireni pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku HHI, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott yemwe sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndipo njerwa zake zili ndi mapatani ochuluka zedi. Mukayamba kuwerenga njerwa mugona komweko, gwirani mabokosi akuluakulu kaye ndi mbali yomwe kuli mthunzi. Pitani mmamawa kapena dzuwa litapendeka, masana mithunzi imabisala pansi. Ndipo mthunzi umayenda, ulembeni mphindi zoyambirira nkuusiya choncho, musamauthamangitse.

Ku msika pemphani kaye musanajambule mayi wa tomato, ndipo mugulepo mulu umodzi.

Zithunzi zanga zachita chuku nthawi ya mvula

Khoma lonyowa ndi lomwe limabweretsa. Matani tizitsekerero ta mabotolo kumakona a kumbuyo kwa felemu kuti mpweya uzidutsa, ndipo musaimike zithunzi pa simenti. Za pa pepala zisakhudze galasi, pakhale mount board, kakatoni kokhuthala kozungulira chithunzi mu felemu, pakati. Musatsekere mu jumbo chinthu chomwe sichinaumitsitse. Mphemvu zimanyambita watercolour ndi poster colour, chiswe chimakonda felemu ndi makatoni, nde muzisuntha katundu wanu kawirikawiri. Nsalu yopentedwa mukafuna kuikulunga penti iyang'ane kunja, mukaiyang'anitsa mkati imakwinyika nkusweka.

Mtengo ndimatchula bwanji? Ndipo kukopera za pa intaneti ndi mlandu?

Werengani zipangizo, felemu, thiransipoti ndi maola omwe mwakhala pansi, kenako dzifunseni kuti tsiku lanu limodzi ndi ndalama zingati. Nambala sindikupatsani poti mitengo ya zinthu ikusintha mwezi ndi mwezi. Theka alipiretu pa Airtel Money kapena Mpamba musanasongole pensulo, ngakhale akhale a kutchalitchi kwanu. Ine bambo ena anandisiyira nkhope yawo ya A2 ati ndawakalambitsa, chonsecho makwinya onse anali pa chithunzi chomwe anatumiza okha, inakhala kuseri kwa kabati zaka ziwiri ikundiyang'ana. Kuyambira pamenepo ndimatumiza sketch kaye avomereze, ndipo makwinya ndimachotsako ochepa mwakachetechete. Achibale a "tangondijambula, si ndiwe wathu" apatseni pa birthday ngati mphatso, tsiku losankha inu.

Kukopera kuti muphunzire palibe vuto, tonse tinadzera momwemo. Koma kutenga ntchito ya wina, kaya penti kaya chithunzi cha kamera, nkusainapo dzina lanu nkugulitsa, kumeneko ndi kuba, ndipo lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula, COSOMA si ya oimba okha. Zanu muzisaina ndi kulemba chaka, ndipo musanapereke zijambuleni ndi foni panja pa mthunzi, opanda flash, galasi lisanaikidwe.

Ndingakaone kuti ntchito za ena?

La Caverna ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, kumakhala zojambula za Amalawi, ndipo pa foni simungaone kukhuthala kwa penti ndi mayendedwe a bulashi, yandikirani muone kenako bwererani mmbuyo. Museum ya ku Chichiri ili ndi zinthu zakale zabwino kuchitira sketch. Mukapeza mpata pitani ku Mua ku KuNgoni, malo omwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Komanso musadutse olemba zikwangwani ku Ndirande ndi ku Limbe ngati simukuwaona, imani muone mmene madala aja amakokera chilembo ndi mpweya umodzi dzanja osanjenjemera.

Ndimapeza nthawi usiku wokha ndipo magetsi amazimazima

Usiku gwirani pensulo, makala ndi bolopeni, mitundu isungireni Loweruka masana. Kuwala kwa kandulo ndi kwa chikasu, yelo ndi white zimaoneka zofanana, buluu amada, mmamawa mudzapeza munthu wanu ali ndi khungu lomwe simunasakanize. Tochi ya foni nayo imanama kumbali ya buluu. Koma pa shading kandulo ndi mphunzitsi wabwino, kuwala kumachokera mbali imodzi nde mithunzi imaoneka bwinobwino, ikani kapu kapena dzira lija, kapena pemphani mng'ono wanu akhale phee mphindi khumi. Hairspray yokha dikirani kuche, pafupi ndi kandulo imayaka.